Khasu ndi Cholembera: Mbiri ya Mapepala a Boma pa Ntchito Zodzipereka ku America

Omvera ambiri amene adaphunzira m'sukulu za sekondale za dziko lino m'zaka za m'ma 1960 amawakumbukirabe aphunzitsi achinyamata ochokera ku America, amene gulu lawo loyamba lidafika kuno mu 1963, dziko lisanalandire ufulu wodzilamulira. Anthu ankawatchula kuti a Peace Corps. Chimene chinkaoneka ndi maso chinali mphunzitsiyo, choko chake, ndi Chinyanja chake chokhotakhota. Chimene sichinkaoneka ndi mulu wa mapepala umene mnyamata kapena mtsikana aliyense adayamba wadutsamo asanakwere ndege. Nkhani ya lero ndi ya mapepala amenewo: amene adawalamula, amene adalira nawo, ndi m'mene anthu wamba a ku America adapezera mpata woyankhulapo boma lisanakhazikitse lamulo.

Funso loyamba n'losavuta kulifunsa. Munthu wodzipereka sanalembedwe ntchito, ndipo kandalama kamene amalandira n'kongogulira chakudya ndi sopo. Nanga boma limfuniranji mafomu? Yankho lili pa zinthu ziwiri. Ndalama zoyendetsera ntchitoyo ndi za msonkho, ndipo eni msonkho amafuna kudziwa kumene yapita. Ndiponso munthu wodzipereka amaikidwa pakati pa ana, odwala ndi okalamba, anthu amene sangathe kudziteteza ngati woipa walowa pakati pawo atavala nkhope ya chifundo. Pali chinthu chachitatu chimene anthu a kuno sangachivutikire kuchimvetsa. Mawu akuti thangata poyamba ankatanthauza kuthandizana kwa pachibale, koma pa minda ya atsamunda adasanduka dzina la ntchito yokakamiza. Pamene boma kapena munthu wamphamvu apempha anthu kugwira ntchito yopanda malipiro, malire a pakati pa kudzipereka ndi kukakamizidwa amafunika kulembedwa penapake.

Mbiri yake ikuyambira m'chaka cha 1933, pamene chuma cha America chidagwa ndipo anthu mamiliyoni ambiri adalibe ntchito. Pulezidenti Franklin Roosevelt adakhazikitsa gulu lotchedwa Civilian Conservation Corps, lotenga anyamata osakwatira kukakhala m'misasa, kubzala mitengo, kulambula misewu ndi kuteteza nthaka. Malamulo ake adali achidule ndi omveka. Mnyamata ankalandira madola 30 pa mwezi, ndipo mwa amenewa madola 25 ankatumizidwa kwa makolo ake. Pofika mu 1942, pamene gululi lidatsekedwa, anyamata pafupifupi 3 miliyoni adali atadutsamo.

Koma boma la Roosevelt lidatsegula maofesi atsopano ochuluka m'nthawi yochepa, ndipo ofesi iliyonse inkatulutsa malamulo akeake. Ena ankalengezedwa kwa atolankhani, ena ankangotayipidwa n'kusungidwa m'kabati. Kunalibe malo amodzi kumene munthu akadapita kukawerenga lamulo lomkhudza. Manyazi a zimenezi adaonekera poyera mu Disembala 1934, pa mlandu wa makampani a mafuta a ku Texas umene udafika ku Khoti Lalikulu la dzikolo. Kudapezeka kuti ndime ina ya malamulo a mafuta, imene boma linkaimbira nayo anthu milandu, idali itafufutidwa mwangozi chaka chathunthu m'mbuyomo, pamene Pulezidenti ankasintha mawu ena, ndipo ngakhale maloya a boma sankadziwa. Anthu ankazengedwa chifukwa chophwanya lamulo limene kunalibe. M'mwezi womwewo katswiri wa malamulo Erwin Griswold adalemba nkhani yodzudzula boma losadziwa malamulo ake omwe. Nyumba ya Malamulo idachita manyazi, ndipo mu Julayi 1935 idakhazikitsa nyuzipepala ya boma yotchedwa Federal Register, imene idayamba kutuluka pa 14 Malichi 1936. Ntchito yake ndi yofanana ndi ya Gazeti ya Boma: lamulo la ofesi liyenera kusindikizidwa m'menemo kuti munthu aliyense athe kuliwerenga.

Kuwerenga lamulo litatha kale kupangidwa ndi chinthu china, kuyankhulapo lisanapangidwe ndi chinthu chinanso. Gawo lachiwirili lidabwera pa 11 Juni 1946, pamene Pulezidenti Harry Truman adasaina lamulo lolongosola kayendetsedwe ka maofesi a boma. Lamulolo lidati ofesi ikafuna kupanga lamulo latsopano iyambe yalengeza cholinga chake mu Federal Register, ipatse anthu nthawi yotumiza maganizo awo, iwerenge maganizowo, kenaka ifotokoze chifukwa chimene yasankhira njira imene yasankha. Amene adakhalapo pa bwalo la mfumu akudziwa mwambo umenewu. Mfumu simagamula anthu asanayankhule, ngakhale chigamulo chili m'manja mwake. Chimodzimodzinso kuno: maganizo a anthu si mavoti. Ofesi singawerenge makalata n'kunena kuti ambiri apambana. Kalata imodzi yokhala ndi mfundo yolimba imatha kulemera kuposa makalata chikwi ongobwereza mawu amodzi, ndipo ofesi ikainyalanyaza mfundo yotere, khoti likhoza kugwetsa lamulo lonse.

M'lamulo la 1946 mudali kakhomo kamene ndi bwino kukakumbukira, chifukwa kadzaonekanso kumapeto kwa nkhaniyi. Nkhani za usilikali, za ubale ndi maiko akunja, ndiponso za ngongole ndi ndalama zothandizira mabungwe, zidapatulidwa. Pa zimenezi ofesi sinkakakamizidwa kufunsa anthu. Tsono ntchito zambiri zodzipereka zimayenda ndi ndalama zothandizira mabungwe zomwezo.

Peace Corps yeniyeniyo idabadwa ndi pepala lochokera kwa anthu, osati kwa boma. Pa 14 Okutobala 1960, cha m'ma 2 koloko usiku, John Kennedy, amene panthawiyo ankapikisana nawo pa chisankho, adaima pa makwerero a nyumba ina ya University of Michigan nafunsa ophunzira zikwizikwi ngati angalole kukagwira ntchito zaka zingapo m'maiko osauka. Ophunzirawo sadangoomba m'manja. Adayendetsa chikalata chimene anthu pafupifupi 1,000 adasainapo, nachipereka kwa anthu a Kennedy chisankho chisanachitike. Pa 1 Malichi 1961 Kennedy adakhazikitsa bungweli ndi lamulo la Pulezidenti, naika mlamu wake Sargent Shriver kukhala mkulu wake. Nyumba ya Malamulo idavomereza, ndipo lamulo lake lidasainidwa pa 22 Seputembala, pamene gulu loyamba lidali litafika kale ku Ghana.

Shriver ankadana ndi ulesi wa m'maofesi, koma ngakhale iye sakadatha kutumiza achinyamata kutsidya la nyanja popanda kuwasefa. Wofuna kupita ankadzaza fomu yaitali yofunsa za maphunziro, luso, zilankhulo ndi thanzi lake. Ankatchula maina a anthu omudziwa, ndipo anthuwo ankatumizidwa mafomu awoawo. Ankalemba mayeso, amene oyamba adachitika kumapeto kwa Meyi 1961. Ofufuza a boma ankapita kwawo kukafunsa anansi ndi aphunzitsi ake za khalidwe lake. Akasankhidwa ankapita ku maphunziro a miyezi iwiri kapena itatu pa yunivesite ina, monga Syracuse, kumene ena obwera ku Nyasaland adaphunzitsidwa. Kumeneko akatswiri a za maganizo ankamuyang'anira tsiku ndi tsiku, ndipo komiti inkatha kumubweza kwawo kutangotsala masiku ochepa kuti anyamuke. Ambiri amene adadutsamo adakumbukira gawo limeneli ndi mkwiyo, poti munthu ankachotsedwa osauzidwa bwinobwino chimene walakwa. Wopambana ankalumbira lumbiro la boma, ndipo madola 75 ankamusungira mwezi uliwonse kuti adzayambire moyo pobwerera.

Funso lina pa fomuyo lidali lolemera kuposa onse. Inali nthawi ya mkangano wa America ndi Soviet Union, ndipo adani a bungweli ankafalitsa kuti achinyamatawo ndi akazitape. Shriver adaika lamulo lakuti munthu amene adagwirapo ntchito ku CIA asaloledwe konse kulowa Peace Corps. Lamulo lina lidali lakuti bungweli lisapite m'dziko limene boma lake silidaliitane, ndipo pangano la maboma awiriwo lilembedwe.

Chodabwitsa n'chakuti pepala limene lidatsala pang'ono kugwetsa bungweli silidali la boma. Mu Okutobala 1961 mtsikana wina wa gulu lopita ku Nigeria, ali pa koleji ya ku Ibadan, adalembera mnzake khadi lopanda envulopu, lofotokoza umphawi ndi uve umene adauona m'misewu. Khadilo lidagwera m'manja mwa ophunzira, amene adalikopera n'kulifalitsa, ndipo kudabuka chipolowe cha mawu chimene chidamveka m'nyuzipepala za dziko lonse lapansi. Mtsikanayo adachoka m'dzikomo. Kuyambira pamenepo funso lakuti wodzipereka ali ndi ufulu wonena chiyani silidachokenso pa tebulo. Lamulo lidati asalowerere ndale za dziko limene akukhala. Paul Theroux, amene pambuyo pake adatchuka ndi kulemba mabuku, ankaphunzitsa ku Soche Hill ndipo adakhudzidwa ndi nkhani za anthu otsutsa boma nduna zitagawanika mu 1964. Adathamangitsidwa m'dziko muno mu 1965, ndipo Peace Corps nayonso idamuchotsa m'kaundula wake. Nanga ndale za kwawo? Mu 1967 mnyamata wina ku Chile adachotsedwa chifukwa cha kalata yotsutsa nkhondo ya ku Vietnam imene idatuluka m'nyuzipepala ya kumeneko. Iye adasuma, ndipo mu 1969 khoti la ku Rhode Island lidapeza kuti bungweli lidamuphwanyira ufulu wake woyankhula.

Ntchito yodzipereka ya m'dziko mwenimwenimo idayamba ndi lamulo lolimbana ndi umphawi limene Pulezidenti Lyndon Johnson adasaina mu Ogasiti 1964. Gululi lidatchedwa VISTA, ndipo anthu ake 20 oyamba adalandiridwa ndi Johnson mu Disembala chaka chomwecho. Ankatumizidwa kwa chaka chimodzi m'midzi ya m'mapiri a Appalachia, m'misasa ya antchito a m'minda, ndi m'makomboni a m'mizinda. Apa malamulo adavuta kuposa a kunja, chifukwa wodzipereka wa ku Ghana sakhudza voti ya phungu wa ku Washington, pamene wa ku Kentucky amaikhudza. Wachinyamata akakhala pakati pa osauka miyezi ingapo amayamba kufunsa chifukwa chimene msewu sufika kumudziko, ndi chifukwa chimene kampani ya malasha imagumulira phiri pamwamba pa nyumba za anthu. Mafunso otere sakondweretsa akuluakulu. Lamulo lidapatsa bwanamkubwa wa chigawo chilichonse mphamvu yokana odzipereka m'chigawo chake, ndipo Nyumba ya Malamulo idawaletsa kuchita ndale za zipani ndi kulembetsa anthu m'kaundula wa voti.

Mu Julayi 1971 Pulezidenti Richard Nixon adasonkhanitsa Peace Corps, VISTA ndi magulu a okalamba odzipereka pansi pa denga limodzi lotchedwa ACTION, ndipo mu 1973 lamulo latsopano lidalongosola ntchito zonse za m'dzikomo. Peace Corps sidakhale mosangalala m'nyumba imeneyi, ndipo idatulukamo kotheratu mu 1981. M'zaka zomwezo boma la Ronald Reagan lidafuna kutseka VISTA. Aphungu adakana, koma gululo lidachepa kwambiri.

Pamene zonsezi zinkachitika, dandaulo lina linkakula m'dziko lonse, lochokera kwa eni masitolo, alimi, aphunzitsi ndi azipatala: mafomu a boma adachuluka kopitirira muyeso. Lamulo la 1942 lidayesa kale kuchepetsa vutoli polamula kuti ofesi yofuna kufunsa mafunso ofanana kwa anthu 10 kapena kuposerapo iyambe yapempha chilolezo ku ofesi ya bajeti, koma maofesi ambiri adapeza njira zolambalala. Komiti yofufuza nkhaniyi, yotsogozedwa ndi phungu Frank Horton, idamaliza ntchito yake mu 1977. Idayerekeza kuti mapepala a boma amadya madola 100 biliyoni pa chaka. Komiti yochepetsa mapepalayo idasiya malipoti 36 ndi malangizo 770, ndipo oseka adasekadi.

Komabe zipatso zake zidaoneka. Pa 11 Disembala 1980 Pulezidenti Jimmy Carter adasaina lamulo lochepetsa mapepala, lotchedwa Paperwork Reduction Act, limene lidakonzedwanso mu 1995. Kayendedwe kake nkoyenera kukafotokoza mofatsa, pakuti ndi kamene kamalamulira fomu iliyonse imene wodzipereka amadzaza. Ofesi ikafuna kutulutsa fomu, imalengeza mu Federal Register n'kupatsa anthu masiku 60 oti ayankhe. M'chilengezocho imatchula dzina la fomuyo, anthu amene adzaidzaze, kuchuluka kwawo, ndi nthawi imene munthu mmodzi adzathere. Kenaka imachulukitsa. Mwachitsanzo, ngati fomu idzadzazidwa ndi anthu 10,000 ndipo aliyense adzathera theka la ola, ofesiyo iyenera kuvomera poyera kuti ikulanda anthu maola 5,000. Anthu amafunsidwa ngati fomuyo ili yofunikadi, ngati chiwerengero cha maola n'choona, ngati mafunso ake ali omveka, ndi ngati pali njira yopeputsira katunduyo. Masiku 60 akatha, fomuyo imapita ku ofesi ya bajeti ya Pulezidenti, ndipo anthu amapatsidwanso masiku 30. Ikavomerezedwa imalandira nambala imene imasindikizidwa pa fomupo. Chilolezocho sichipitirira zaka zitatu. Zikatha, ulendo wonse uyambirenso. Ndipo pali ndime imodzi imene ili ngati chishango cha munthu wamba: fomu ikakhala yopanda nambala yovomerezeka, palibe amene angalangidwe chifukwa chokana kuidzaza.

Nzeru ya lamuloli ili pa kuwerenga nthawi ya munthu wamba ngati chuma chimene boma liyenera kuchipempha, osati kungochitola. Kufooka kwake n'koonekeranso. Federal Register ndi buku la zilembo zazing'ono, la masamba zikwi makumi angapo pa chaka, ndipo amene amaliwerenga tsiku ndi tsiku ndi maloya ndi mabungwe akuluakulu. Zilengezo zambiri za mafomu zimadutsa masiku onse 60 popanda kalata, kapena ndi makalata owerengeka pa zala. Mayi woyendetsa kabungwe kophunzitsa ana kuwerenga m'tauni yaing'ono, amene fomuyo idzamudyera Loweruka lake, kawirikawiri amadzaimva itavomerezedwa kale. Kuyambira mu 2003 anthu adayamba kutumiza maganizo awo pa intaneti, zimene zidachotsa vuto la sitampa, koma sizidachotse vuto la kudziwa kuti bwalo lakhala.

Dongosolo lalikulu la ntchito zodzipereka lidabwera pa 21 Seputembala 1993, pamene Pulezidenti Bill Clinton adasaina lamulo lokhazikitsa AmeriCorps. Adagwiritsa ntchito zolembera ziwiri zakale: chimene Roosevelt adasainira lamulo la anyamata obzala mitengo, ndi chimene Kennedy adasainira lamulo la Peace Corps. Gulu loyamba, la anthu pafupifupi 20,000, lidayamba ntchito mu Seputembala 1994. VISTA ndi magulu a okalamba adalowa m'bungwe latsopanoli.

Kapangidwe ka AmeriCorps ndi kamene kadachulukitsa mapepala. Boma silitumiza lokha odzipereka ambiri. Limapereka ndalama ku makomiti a m'zigawo ndi ku mabungwe, ndipo iwo ndi amene amalemba anthu ndi kuwayang'anira. Wodzipereka akamaliza maola 1,700 pa chaka amalandira mphoto yolipirira sukulu, imene poyamba idali madola 4,725. Tsono ngati mphoto idalira maola, maolawo ayenera kulembedwa, ndipo pepala la maola liyenera kusainidwa ndi wodzipereka ndi womuyang'anira. Pepala limenelo liyeneranso kusonyeza kuti m'maolawo sadachite zoletsedwa: kukopa aphungu pa malamulo, kukonza zionetsero kapena sitiraka, kuthandiza chipani, kulalikira kapena kuphunzitsa chipembedzo, kulembetsa anthu m'kaundula wa voti. Akaweruka ndi mfulu kuchita zonsezi, bola asavale chizindikiro cha AmeriCorps. Ofufuza mabuku akabwera n'kupeza mapepala osasainidwa, bungwe likhoza kulamulidwa kubweza ndalama, ngakhale ana adaphunzitsidwadi ndipo nyumba zidamangidwadi. Walira mvula walira matope.

Kuti kuwerenga kumeneku si masewera zidaoneka mu 2002. Bungwe lalikulu lomwe ku Washington lidalola kulembedwa kwa anthu ochuluka kuposa ndalama zimene zidali m'thumba la mphoto za sukulu. Mu Novembala chaka chimenecho kulemba anthu atsopano kudaimitsidwa kwa miyezi ingapo, ndipo mu 2003 mabungwe ambiri adachepetsedwa malo, ena mpaka kutseka.

Chitsanzo chabwino cha bwalo la maganizo chili m'zaka ziwiri zotsatira. Aphungu ndi boma la George W. Bush ankafuna kuti mabungwe asamadalire ndalama za boma mpaka muyaya. Bungwe lalikulu lidachititsa misonkhano, kenaka mu Ogasiti 2004 lidasindikiza ganizo lakuti gawo limene bungwe lililonse limadzipezera lokha lizikwera chaka ndi chaka mpaka lifike theka la ndalama zonse m'chaka chakhumi. Dandaulo lalikulu lidachokera kumidzi ndi kumadera osauka. Bungwe la mumzinda waukulu lingapemphe thandizo ku mabanki ndi makampani. Nanga la m'dera limene mgodi udatsekedwa likapempha kwa yani? Lamulo lotere likadatha kuchotsa odzipereka kumene akufunika kwambiri. Boma silidabwerere pa cholinga chake. Lamulo lomaliza, la mu Julayi 2005, lidasunga theka lija, koma lidali ndi khomo lapadera la madera akumidzi ndi osaukitsitsa, kumene gawolo linkafika pa magawo 35 mwa 100. Dandaulo silidathe, ndipo patapita zaka pafupifupi makumi awiri, mu 2024, lamulo lina lodutsa m'njira yomweyo lidatsitsa malirewo kufika pa magawo 30 mwa 100. Bwalo limeneli limayenda ngati kamba, koma si loona kunena kuti siliyenda.

Mapepala ena adabwera chifukwa cha misozi. Kuyambira mu 2007 mabungwe adalamulidwa kufufuza mbiri ya milandu ya anthu ogwira ntchito pakati pa ana, okalamba ndi olumala, ndipo lamulo la 2009 limene Pulezidenti Barack Obama adasaina lidakulitsa kufufuzaku, kuphatikizapo zidindo za zala zotumizidwa ku FBI. Ku Peace Corps phunziro lidali lowawa koposa. Mu Malichi 2009 mphunzitsi wodzipereka Kate Puzey adaphedwa ku Benin, atangolembera ofesi ya bungweli kalata yachinsinsi yonena za munthu amene ankamuganizira kuti akuzunza atsikana a pasukulu. Chinsinsi cha kalatayo sichidasungidwe. Lamulo lotchedwa ndi dzina lake lidasainidwa mu Novembala 2011, loteteza oulula zoipa ndi kulamula m'mene bungwe liyenera kuthandizira wodzipereka amene wagwiriridwa. Apa palibe amene adadandaula kuti malamulo achuluka.

Koma fomu yolowera inali itatupa mopanda chifukwa. Pofika mu 2014 inkatenga munthu pafupifupi maola asanu ndi atatu kuti aimalize, ndipo ambiri ankaisiyira panjira. Mu Julayi chaka chimenecho mkulu wa bungweli, Carrie Hessler-Radelet, adaifupikitsa kuti izitha mu ola limodzi, nalolanso ofunsira kusankha dziko ndi ntchito imene akufuna. Chaka chotsatira ofunsira adafika pafupifupi 23,000, chiwerengero chimene chidali chisanaonekenso kwa zaka makumi anayi. Maola olembedwa m'chilengezo aja, amene amaoneka ngati masamu ouma, adali anthu enieni amene adatopa n'kutembenuka.

Tsopano nkhani ibwerere ku kakhomo ka mu 1946. Popeza AmeriCorps imayenda ndi ndalama zothandizira mabungwe, lamulo lakale lija silikadaikakamiza kufunsa anthu. Aphungu adatseka khomoli m'njira yawoyawo. M'malamulo a bajeti a chaka ndi chaka ankaikamo chiganizo chimodzi, chakuti kusintha kulikonse kwakukulu pa zofunika za mapulogalamu, pa kaperekedwe ka ntchito kapena pa mfundo za bungweli kuchitike pokhapokha anthu atadziwitsidwa ndi kupatsidwa mpata woyankha. Chiganizochi chidakhala zaka zambiri chitakwiririka pakati pa manambala a bajeti, ndipo ochiwerenga adali ochepa.

Mu Epulo 2025 boma la Pulezidenti Donald Trump, pa ntchito yake yochepetsa maofesi, lidafika ku AmeriCorps. Otsutsa bungweli adali ndi mfundo imene sikadakanidwa: kwa zaka zisanu ndi zitatu zotsatizana, kuyambira 2017 mpaka 2024, ofufuza mabuku a chuma adalephera kutsimikizira kuti mabuku ake ali bwino. Bungwe limene linkabwezetsa anzake ndalama chifukwa cha pepala losasainidwa linkalephera kulongosola mabuku akeake. Koma mankhwala amene adaperekedwa sadali okonza mabuku. Pakati pa mweziwo achinyamata mazana angapo a gulu logona m'misasa, lothandiza pa ngozi za moto ndi madzi osefukira, adauzidwa kuti alongedze azipita kwawo. Antchito a ku likulu pafupifupi 85 mwa 100 alionse adaimitsidwa. Pa 25 Epulo, Lachisanu, makalata adatumizidwa othetsa thandizo la madola pafupifupi 400 miliyoni ku mapulogalamu oposa 1,000, okhudza odzipereka oposa 32,000. Chifukwa chimene chidalembedwa chidali chachidule, chakuti ntchitozo sizikugwirizananso ndi zolinga za bungweli. Ophunzitsa ana kuwerenga adaleka chaka cha sukulu chisanathe, ndipo ambiri sadadziwe ngati maola amene adali atalemba kale adzawerengedwa.

Pa 29 Epulo zigawo 24 pamodzi ndi mzinda wa Washington zidakasuma ku khoti la boma lalikulu ku Maryland. Maloya a boma adati kuthetsa thandizo la ndalama ndi nkhani ya mapangano, osati kupanga lamulo, choncho panalibe chifukwa chofunsira anthu. Pa 5 Juni 2025 woweruza Deborah Boardman adapereka chigamulo chogwira ntchito mlandu uli m'kati. Sadagamule kuti AmeriCorps ndi yabwino kapena yoipa, ndipo sadanene kuti boma lilibe mphamvu yoisintha. Adaloza chiganizo chija cha m'lamulo la bajeti, napeza kuti kudula ntchito zochuluka chotero tsiku limodzi ndi kusintha kwakukulu pa kaperekedwe ka ntchito, ndipo kudachitika popanda chilengezo ndi popanda kumva maganizo a anthu. Adalamula kuti thandizo libwezeretsedwe, ndi kuti odzipereka amene akufuna ndipo angathe abwerere ku ntchito zawo. Pempho lobwezeretsa antchito a ku likulu adalikana pa mlandu umenewo, ndipo lamulo lake lobwezeretsa ndalama lidakhudza zigawo zokhazo zimene zidasuma.